Ndinasaina fomu ya kafukufuku mwana ali m'botolo, manje kunyumba kulibe mtendele

Mai wa ku Kapata analemba:

Muli bwanji amai anzanga ndi azitate muli muno. Pepani nkhani ndi yaitali koma ndasowa wokamba naye, kunyumba aliyense waima mbali yake.

Ndinachila mwezi watha, mwana woyamba, wamwamuna. Anabwela masiku asanakwane, a nasi anati mimba inali ndi masabata 34 ndipo pa sikelo anakwana 1.8 kg chabe. Sindinamugwile n'komwe, anangondionetsa kankhope n'kuthamanga naye ku nasale kukamuika m'botolo. Tsiku lachitatu anayamba kupuma mothamanga ngati kamwanapiye, mkaka umene ndinali kukamila m'kakapu sanali kuulandila, a dokotala anati akuganiza kuti tizilombo talowa m'magazi.

Tsiku lomwelo cha m'ma 18 hours ndili khale pa benchi ya panja pa nasale, mabele akuwawa, tulo sindinatione masiku atatu, kunabwela mai wina ali ndi ka ID pakhosi amvekele amake mwana tingakambeko pang'ono? Anati iwo ndi a kafukufuku, akuona za mankhwala a ana akhanda odwala monga wanga, ndikalola mwana alowa m'gulu limodzi pa magulu awili, azimutengako magazi pang'ono kangapo ndipo tikatuluka tizibwelanso kuti azimuona mpaka akwanitse miyezi itatu. Ndisawanamizile mai aja, sanandikakamize, anakamba mwaulemu, fomu anandiwelengela m'Chinyanja mapepala onse 6, ananenanso kuti ndikafuna nditha kukana. Koma abale anga mutu wanga sunali pamenepo, maso anga anali pa chitseko cha nasale, chikangotseguka mtima phaa kuganiza kuti abwela kudzandiuza zoipa. Chimene chinalowa m'khutu mwanga ndi chakuti mwana wanu tizimuyang'anila pafupi, basi ndinatenga bolopeni n'kusaina. Tsiku lija olo akanandipatsa pepala la mtundu wanji ndikanasaina ndithu. Amuna anga anali ku Sinda kogula soya ndipo foni yanga inali itatha moto.

Mulungu ndi wamkulu mwana anachila, tinakhala masiku 16, tinatuluka ali 2.1 kg ndipo mpaka pano ndikumusunga pachifuwa kangaru usana ndi usiku.

Mavuto ayamba sabata yatha titabwela ku livyu yoyamba. Apongozi anga anapeza fomu ija m'chikwama cha matewela pamodzi ndi kadi ya sikelo, mkati muli K100 imene anandipatsa ya thilansipoti. Anafunsa ndalama iyi ndi ya chani, chipatala chinayamba liti kupatsa anthu ndalama? Nditafotokoza anagwila pakamwa, ati mwagulitsa magazi a mdzukulu wanga, ati izi ndi za satanic, kamwana kochepa chonchi magazi ake ndi angati oti azikapopa. Amuna anga za satanic sakhulupilila koma akwiya pa china, ati mwana si wako wekha, ife Angoni tinalowola, ungasaine bwanji za mwana wanga osandifunsa. Alamula kuti pa Chinai likubwelali sindipitako.

Ndiye ndifunse, alipo muno amene analowetsapo mwana wakhanda m'zimenezi? Zinatha bwanji? Ndikanena kuti ndatuluka a nasi sadzandida mwana akadzadwalanso, pakuti chipatala chake ndi chomwecho? Nanga magazi aja amapita nao kuti zoona zake? Usiku ndikamuyang'ana pakadzanja pamene panali kanula pali kachipsela, ndimangolila ndekha kuti mwina ndinamulakwila mwana wanga.

Amake atsikana, Katete:

Asisi pepani, ndawelenga misozi ili m'maso. Yanga yasiyanako pang'ono, mwana sanali wodwala, ine ndi amene ndili pa ma ARV, chaka cha 11 tsopano ndipo sindibisa. Anandipeza ku sikelo ya mimba ndili ndi miyezi 7, anati akufuna kutsatila ana obadwa kwa amai monga ine kuyambila tsiku lobadwa. Mwai umene ndinali nao ine umene inu munalibe ndi nthawi. Fomu ndinapita nayo kumudzi, tinagona nayo masiku anai, atate ake ana anaiwelenga kawili, pamene sitinamve tinachonga ndi pensulo n'kukafunsa. Ndiye ndikaona kuti inu anakufikilani mwana ali pakati pa moyo ndi imfa ndikumvetsa, pamenepo munthu sakhala ndi nzelu zake zonse, musadziweluze.

Za magazi ine ndinali kuona ndi maso anga. Ali wakhanda anali kumulasa kachidendene n'kudonthezela madontho pa kapepala kolimba kali ndi tumizele tozungulila, atakulako ndi pamene anayamba kutenga pamkono m'kachubu kochepa kuposa chala changa chakanise. Kulila analila ndithu, ine ndinali kumuika kubele nthawi yomweyo n'kutonthola. Zabwino zinalipo, sindinali kuima pa mzele wautali uja, anali kumupima bwinobwino osati kungomupachika pa sikelo n'kulemba, ndipo ndinali ndi nambala ya nasi wao, tsiku lina mwana anatsegula m'mimba usiku ndinatuma foni 23 hours anayankha n'kundiuza chochita mpaka kucha. Ndalama ija musaiope, ine yonse inali kuthela pa honda kuchoka kumudzi kufika pa boma ndi kubwelela, yotsala maheu ndi mabanzi podikila. Magazi a munthu angagulidwe mtengo wa honda?

Koma zondiwawa zinalipo ziwili. Choyamba galimoto yao yoyela ija yolembalemba m'mbali. Ndinaphonya livyu imodzi chifukwa cha malilo ndiye anandilondola mpaka pakhomo, mudzi wonse unatuluka kudzaona, pofika madzulo pa dilawo nkhani inali yakuti mwana wa uje ali ndi kachilombo ndi chifukwa chake azungu akumulondola, chonsecho munalibe mzungu m'galimotomo ndipo mwana alibe kachilombo mpaka lelo. Ndinawauza poyela kuti mukabwelanso ndi galimoto pakhomo panga ndatuluka, kuyambila pamenepo anali kuimika pa chigayo mmodzi n'kubwela wapansi. Chachiwili ndi chimene chimandinyansa mpaka pano, zitatha anatipatsa chitenje n'kutithokoza ati zotsatila tidzakuitanani tidzakuuzeni. Mwana ali giledi 2 tsopano palibe anabwela. Miyezi yonse ija ndinali kuyenda ndi mwana kumsana, dzinja matope, sindinayenele kumva kuti anapeza chani? Inu mukapita mukawafunse zimenezi, adzakuuzani liti ndipo adzakupezani bwanji.

Apongozi anu musalimbane nao, ndi mantha chabe ndi chikondi pa mdzukulu. Anga ndinawatenga ulendo umodzi anakaona okha, pobwela anali iwo ofotokozela anzao.

Tate wa ku Feni:

Lekani ndikambeko ngati mwamuna komanso Mngoni mnzao wa amuna anu. Ine ndinakana. Akazi anga anachila ndi opaleshoni, iwo akali mtulo ta mankhwala mwana ali ku nasale, kunabwela mnyamata ndi tabuleti m'manja ndi fomu ya Chizungu chokhachokha, akumasulila mothamanga ngati basi ikumusiya. Ndinamufunsa kuti magazi mukatenga mupima konkuno kapena apita kwina, ati ndikafunsa abwana. Ndinafunsa kuti nanga mwana akapwetekeka ndi zimenezi alipila ndani, ati sizingachitike. Apo ndinati mwana wanga, pita ukaphunzile bwino ntchito yako, ine sindisaina chinthu chimene iwe wemwe sukuchidziwa. Sindinakane chifukwa cha satanic iyai, ndinakana chifukwa sanandiyankhe.

Usiku umenewo sindinagone, ndinali kuopa zomwe mukuopa inuzi kuti basi mwana wanga amutaya, a nasi azimudumpha. Sizinachitike. Nyeleti zake analandila pa nthawi yake, a nasi omwe aja anali kutiseka bwino, ena sanadziwe n'komwe kuti tinakana. Ndiye pa funso lanu lija, kwa ine kukana sikunasinthe kanthu.

Tsono kwa achimwene angawo, ngati mungawaonetse muwaonetse izi. Mkwiyo wanu ndikuumva, mwamuna kumva za mwana wako kuchokela kwa amai ako pamene pepala linasainidwa kale zimachititsa manyazi, umaoneka ngati mlendo panyumba pako. Akazi anu analakwa kusakuuzani mutangofika kuchipatala, apo ndikuvomela. Koma ng'ombe tinapeleka inde, pa benchi paja usiku uja panali iwo okha, ife amuna nthawi zambili timakhala kunja kwa geti kapena kosaka ndalama, ndipo munthu amene wakhala masiku 16 akukama mkaka m'kapu maola awili alionse si woti tizimuzenga mlandu. Kuletsa chabe kuti sapita sikukuthandizani, mudzakhala ndi mafunso omwewo chaka chonse. Valani jekete pa Chinai mupite nao, mukafunse mmene ndinafunsila ine. Akakuyankhani bwino pitilizani, akayamba kuzungulila tulukani, mwana ndi wanu.

Wa pa boda Mwami:

Ine ndiye ayi. Anthu awa amabwera kuno chifukwa ndife osauka, bwanji sakayesera ana a kwawo? Mwaiwala za ku Kano ku Nigeria 1996, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala a Trovan pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, pa ana 200 amene analowetsedwa 11 anamwalira ena analumala, makolo ankati sanauzidwe kuti ndi zoyesa. Mlandu unatenga zaka, mpaka 2009 ndi pamene anagwirizana zolipira 75 miliyoni ya madola. Agogo athu akamaopa za magazi musamawaseke, sizinayambe lero, kuli zimene anaona. Mayi tulukanimo msanga mwana wachira kale, mukudikira chiyani.

Nasi wopuma, Chipata:

Mwana wanga wa ku Kapata, choyamba pukutani misozi, kamnyamatako simunakalakwile. Ine ndagwila unasi zaka zambili ndipo zina mwa izo ndinali m'makafukufuku ku Lusaka, munthu wa ka ID pakhosi wobwela ndi fomu uja ndinakhalapo ine, ndiye ndikamba zonse zabwino ndi zoipa zomwe.

Kutuluka mutha kutuluka tsiku lililonse olo mawa, simufunika kupeleka chifukwa, ndipo palibe amene aloledwa kumana mwana thandizo chifukwa chakuti mwatuluka. Tsegulani fomu yanuyo mau amenewo muwapeza, ndipo chakumapeto kumakhala manambala a foni, ya mkulu wa kafukufukuyo ndi ya komiti imene inamuvomeleza, yachiwiliyo ndi yokadandaulako ngati wina akuopsezani. Chimene ndikupemphani ndi chakuti mukaganiza zotuluka mukawauze, osangosowa. Ndipo mwana wobadwa 1.8 kg amene anadwalapo m'magazi afunika kuonedwa ndithu kaya muli m'kafukufuku kaya ai, akatemela a pa masabata 6, 10 ndi 14 asaphonye, zimenezo si za kafukufuku ndi za mwana aliyense.

Apongozi anu afunsa funso labwino, kamwana kochepa magazi ake ndi angati. Ndi ochepadi. Khanda limakhala ndi 80 mpaka 90 ml pa kilo iliyonse, ndiye wa 2 kg ali ndi pafupifupi 170 ml, kungopitilila pang'ono theka la kabotolo ka 300 ml. Ndi chifukwa chake muyeso wotenga umalembedwa kafukufuku asanayambe ndipo komiti imauyang'ana kwambili pa ana osakwana masiku. Kasupuni ka tiyi ndi 5 ml, zimene tinali kutenga pa khanda nthawi imodzi sizinali kufika olo theka la kasupuniko, ndipo thupi limapanga ena. Pa fomu payenela kulembedwa kuti atenga angati ndipo kangati. Amapita nao ku labu kukaona kuti ndi tizilombo tanji ndi kuti mankhwala akuyenda bwanji m'thupi. Nthawi zina makina ake kuno kulibe ndiye amatumiza ku Lusaka kapena kunja, koma kutulutsa magazi a munthu m'dziko kumafuna chilolezo cholembedwa. Muonenso ngati pali kabokosi kena kapadela kofunsa ngati mulola kuti otsala awasunge kuti adzagwilitse nchito mtsogolo, ambili amachonga osaona, kameneko mutha kukana koma n'kukhalabe m'kafukufuku.

A pa boda Mwami zimene mwakamba za Kano zinachitikadi, ngakhale kampaniyo inali kunena kuti anawo anafa ndi matendawo osati mankhwala, ndipo nkhani ngati imeneyo ndi imene inachititsa kuti malamulo alimbe. Kuno kwathu kuli lamulo la 2013, National Health Research Act, limene linakhazikitsa National Health Research Authority, kafukufuku wa zaumoyo sayamba popanda iwo kuvomeleza, ndipo amayamba wadutsa ku komiti yoteteza anthu olowamo monga UNZABREC ya pa University of Zambia, ngati muli mankhwala oyesedwa a ZAMRA, bungwe loyang'anila mankhwala, naonso amaikapo dzanja. Sindikunena kuti pamene pali lamulo palibe wolakwa, mnyamata wa tabuleti amene akamba atate a ku Feni ndi chitsanzo, fomu iyenela kukhala m'chilankhulo chimene kholo limamva ndipo ngati silidziwa kuwelenga pamafunika mboni yosakhala wa kafukufuku pamene likudinda chala. Koma zakuti azikayesela ana a kwao, mwana wanga, matenda amene akupha makanda athu ndi tizilombo ta m'mawadi athu sizili chimodzimodzi ndi za ku London, tikapanda kufufuza tokha tizingolandila zoyesedwa pa ana ena.

Kangaru amene mukuchitayo wachokela kuti? Anayambila ku Bogotá ku Colombia mu 1978 chifukwa mabotolo anali ochepa. Kwa zaka zambili tinali kudikila kuti mwana ayambe walimba ndi pamene timupeleke pachifuwa. Ndiye kunachitika kafukufuku ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ku Malawi anachitila pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa ana oyambila 1 kg osafika 1.8 kg, zotsatila zinatuluka 2021 kuti kuyamba kangaru nthawi yomweyo kunachepetsa imfa ndi 25 pelesenti, ndipo 2022 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, anasintha malangizo. Amai amene anasaina kumeneko anali pa benchi ngati yanu yomweyo. Septrin amene timapatsa ana okhala ndi kachilombo, umboni wake waukulu unachokela pa chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, Professor Chifumbe Chintu ndi anzao anatsatila ana 541, imfa zinatsika ndi 43 pelesenti, zinalengezedwa 2004, ndipo anauimitsa nthawi isanakwane chifukwa zinaonekelatu kuti si bwino gulu linalo lizikhala opanda mankhwalawo. Pamakhala anthu apadela amene nchito yao ndi kusuzumila manambala kafukufuku ali mkati n'kuimitsa zikafika potelo. Nthawi zinanso yankho limakhala lakuti palibe kusiyana, ku Southern Province kuyambila 2011 mpaka 2013 anayesa kupaka mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine pa mchombo pa ana masauzande ambili, anapeza kuti imfa sizinasiyane kwenikweni ndi za ana amene mchombo unangosungidwa woyela ndi wouma.

Za magulu awili aja, amene amasankha si dokotala iyai, kompyuta imachita maele, chifukwa madokotala eni ake sanadziwe kuti njila yoposa inzake ndi iti, akanadziwa sipakanakhala chofufuza. Apa ndi pamene makolo ambili samva, amaganiza kuti mwana wao wasankhidwila mankhwala apamwamba. Mukawafunse kuti wanu anagwela gulu liti ndipo ngati sangakuuzeni pano akuuzeni chifukwa chake.

Tsono chimene chimandilemela mumtima mpaka lelo ndi nthawi yofunsila. Khanda likadwala m'magazi mankhwala afunika kuyamba maola omwewo, sungauze mai kuti pitani mukaganize sabata imodzi monga anachitila amake atsikana, ndiye timafika pa munthu pa ola loipitsitsa pa moyo wake. Ine ndinasainitsapo amai amene maso ao anali pa chitseko monga inu, ndinali kuona kuti sakundimva, koma nthawi inali kutha ndipo nambala ya ana inafunika kukwana, ndinalandila siginecha. Lamulo linakwana koma mtima wanga unadziwa. Pambuyo pake ndinaphunzila kubwelelanso m'mawa mwake mai atagonako, kukhala naye pansi pamodzi ndi womudikilila kapena mwamuna wake n'kuyambanso kufotokoza kuchokela pachiyambi, n'kufunsa kuti kodi mukali kulola? Ena anali kutuluka pamenepo ndipo zinali bwino. Ngati sanakuchitileni zimenezi muli ndi ufulu wokapempha pa Chinai kuti akufotokozeleninso zonse amuna anu ali pomwepo. M'makafukufuku ambili siginecha ya kholo limodzi imakwanila, koma mwana amabwelela kunyumba kumene kuli atate ake ndi ambuya ake, ife a mapepala timaiwala zimenezo.

Mai wa ku Lundazi:

Ndakhala ndikuwelenga kuyambila dzulo osafuna kulemba koma lekani ndilembe. Wanga sanatuluke. Anabadwa 1.3 kg, ndinasaina tsiku lachiwili monga inu, tsiku la 6 m'bandakucha anatisiya. Anakamuika azimai okhaokha monga mwa mwambo, ine anandiuza kuti usalile mokweza, dzina tinali tisanamupatse.

Kuchimuna anati ndi pepala lija lamupha. Miyezi itatu palibe mlamu anandipatsa moni, ine ndemwe ndinafika pokhulupilila kuti ndinapha mwana ndi dzanja langa. Amene anandithandiza ndi amai anga, anandigwila dzanja kubwelela kuchipatala kuti tikamve. Dokotala wa kafukufuku uja anatseka chitseko natulutsa failo, anakhala nafe kupitilila ola, anationetsa tsiku ndi tsiku mmene mapapo anali kulephelela chibadwile ndi zonse zimene anamupatsa, anatiuzanso kuti imfa ya mwana aliyense wa m'kafukufuku amailemba n'kuitumiza ku komiti kuti ena aione. Sanadziteteze, analila nafe. M'wadi muja sabata imeneyo munatuluka tumitembo twina twa ana amene makolo ao sanasaine kanthu, ndinali kuona ndekha koma pa nthawi ya chisoni mutu sukumbuka zimenezo.

Sindikuuzani kuti khalani kapena tulukani. Ndingoti wanuyo ali moyo, ali pachifuwa panu akupuma, musalole kuti masiku ano amene ine ndinawalakalaka athele m'milandu. Ndipo amene mumagwila nchito zimenezi ngati muli muno, mwana akamwalila musadikile kuti mai akusakeni, si onse ali ndi amai ngati anga.

Mai wa ku Kapata analemba:

Zikomo nonse, sindinayembekeze kuti muyankha chonchi. Amai a ku Lundazi ndalila, ndilibe mau, Mulungu akutonthozeni, dzulo usiku ndinakupemphelelani pamodzi ndi kamwana kanu.

Amuna anga ndinawapatsa foni Chitatu madzulo anawelenga okha, pa atate a ku Feni anakhala chete nthawi yaitali. Ine ndinapepesa kuti sindinawauze pamene anafika kuchipatala, zoona zake ndinaiwalilatu kuti ndinasaina kanthu mpaka tsiku lotuluka, ndiye pamenepo ndinayamba kuopa. M'mawa mwake anangoti konzeka tipite.

Mai wa ka ID uja tinamupeza, ndinapempha monga munanenela a sista kuti ayambenso pachiyambi ndipo sanakwiye, anatenga mipando itatu. Abale zinthu zambili ndinazimva koyamba tsiku limenelo, za maele zija sindinali kudziwa n'komwe, ine ndinali kuganiza kuti a dokotala anamusankhila. Amuna anga anafunsa za magazi, anawaonetsa kachubu kake kali ndi kamzele pamene amalekezela, anafunsa kuti amapita kuti anawauza, anafunsa za mwana akapwetekeka anawaonetsa ndime yake pa fomu. Kabokosi kosunga magazi otsala kaja kanalipodi a sista ndipo ndinali nditachonga kuti inde osadziwa, amuna anga anati ako iyai, anatipatsa pepala lina tinasintha tonse awili tinasaina. Zotsala ndi maulendo awili chabe ndipo kutenga magazi kwatsala kamodzi, ndiye tagwilizana kuti timalize. Ndinafunsanso funso la amake atsikana kuti zotsatila tidzamva bwanji, anati zidzatenga nthawi mwina kupitilila chaka, analemba manambala athu onse awili ndi ya amai anga, ine ndawauza kuti ndikaona zii ndidzabwela ndekha kudzafunsa.

A pa boda Mwami ndakumvani ndipo sindikukutsutsani, mantha amenewo inenso ndikali nao pang'ono, kungoti pano ndikudziwa chimene ndalola.

Apongozi sanakhutile. Tinawapempha kuti tipite nao anakana, K100 ya ulendo uno anati isagule chakudya cha panyumba pao ndiye tinalipila takisi yotsala ndagula sopo wochapila matewela. Koma madzulo nditatopa anamasula bulauzi n'kunena kuti bweletsa kuno ndimufungatileko ugone, anakhala naye pachifuwa maola awili. Pa sikelo anakwana 2.9 kg. Katemela wa masabata 6 ndi Chiwili likubwelali pa kiliniki yathu, amene munali ndi ana osakwana masiku ndiuzenkoni ngati thupi linawatentha kwambili atalasidwa, ndikuopa usiku wake.